Lenzi imodzi yoyenda nayo tsiku ndi tsiku: 35mm, 28mm kapena 24mm?

Funso la wowerenga: Ndakhala ndi kamera ya APS-C kwa zaka ziwiri, ndipo ndimagwiritsa ntchito lenzi yozuma ya 18-55mm f/3.5-5.6 imene inabwera nayo. Ndimajambula kwambiri ana anga m'nyumba, anzanga tikakumana, ndi zimene ndimaona mumsewu kapena pa ulendo. Ndikufuna kugula lenzi imodzi yosazuma, yotenga malo aakulu, yoti izikhala pakamera masiku onse. Ena akuti ndigule ya 35mm, ena akuti 28mm, ena 24mm, ndipo mnzanga wina akuti ngati si ya f/1.4 ndiye kuti ndataya ndalama. Ndisankhe iti?

Yankho: Ndiyambe ndi kukuchenjezani za msampha umene wagwira anthu ambiri, chifukwa wabisala m'funso lanu lomweli. Manambala amene anzanu akutchulawo, 35, 28 ndi 24, ndi a makamera amene sensa yawo, kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi, ndi yaikulu imene amati full frame, ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, yofanana kukula ndi filimu yakale ija. Sensa ya kamera yanu, imene amati APS-C, ndi yocheperapo, choncho imangotenga pakati pa chithunzi chimene lenzi yaponya n'kusiya za m'mbali. Kuti mudziwe mmene lenzi idzaonere pa kamera yanu, chulukitsani nambala yake ndi 1.5 ngati kamerayo ndi ya Nikon, Sony, Fujifilm kapena Pentax, kapena ndi 1.6 ngati ndi ya Canon. Amene ali ndi makamera a Micro Four Thirds, a Panasonic ndi Olympus, amachulukitsa ndi 2. Zikatero, lenzi yolembedwa 35mm idzaona ngati ya 52mm kapena 56mm mukaimanga pa kamera yanu, ndipo imeneyo si yotenga malo aakulu ngakhale pang'ono. Lenzi ya Nikon ya 35mm f/1.8 DX, imene inatuluka mu 2009, ndi yabwino kwambiri, koma amene waigula pofuna kujambula banja lonse m'chipinda chaching'ono adzagunda khoma ndi msana anthu asanakwane m'chithunzi.

Choncho kaonedwe kamene anzanu akutanthauza akamati 35 mudzakapeza pa lenzi ya 23mm, kapena ya 22mm pa Canon. Ka 28 mudzakapeza pa 18mm, ndipo ka 24 pa 16mm kapena 15mm. M'yankho lonseli, ndikangotchula 35, 28 kapena 24 popanda mawu ena ndikunena za kaonedwe, monga mmene ojambula amalankhulira okhaokha.

Anthu ambiri amaganiza kuti posankha lenzi ya mtundu umenewu akusankha kuchuluka kwa zinthu zimene zizilowa m'chithunzi. N'zoona ndithu, koma pa zaka zimene ndakhala ndikujambula ndaona kuti chimene munthu amasankha kwenikweni ndi mtunda umene aziima kuchokera kwa anthu amene akuwajambula. Lenzi yozuma imakulolani kukhala pamene muli n'kukoka chinthu ndi dzanja. Yosazuma, imene ojambula amati prime, imakuuzani pamene muyenera kuima, ndipo ngati malo amenewo sagwirizana ndi khalidwe lanu, lenziyo idzagona m'chikwama ngakhale ikhale yotamandidwa chotani. Mutaima mamita 2 kuchokera pakhoma, kamera mutaigwira chopingasa, lenzi ya 50 imatenga mamita 1.4 a khomalo, ya 35 imatenga mamita 2, ya 28 mamita 2.6, ndipo ya 24 mamita 3 athunthu. Pa manambala amenewa, 35 ili ndi khalidwe limene ndimalikonda kwambiri: mtunda umene mwaima ndi womwewo umene idzatenge kuchokera kumanzere kufika kumanja. Mukaima mamita 3 imatenga mamita 3, mukaima mamita 5 imatenga mamita 5. Pakapita milungu ingapo maso amazolowera, ndipo mumadziwa chimene chilowe m'chithunzi kamera isanafike kunkhope.

Tiitembenuze nkhaniyi. Kuti munthu aoneke kuyambira m'chiuno kufika kumutu, kamera ili chopingasa, ndi 35 muyenera kuima pa mtunda wopitirira pang'ono mita imodzi, umene ndi mtunda wa anthu awiri amene akucheza mwaulemu. Ndi 28 muyenera kufika pa masentimita pafupifupi 90. Ndi 24 muyenera kusendera mpaka pa masentimita 75, poti mukhoza kumugwira paphewa. Kwa mwana wanu palibe vuto, chifukwa anazolowera kukuonani pafupi. Kwa munthu amene simukumudziwa mumsewu, masentimita 75 ndi pafupi kwambiri, ndipo si aliyense amene ali ndi mtima wofika pamenepo atanyamula kamera. Dzifunseni moona mtima ngati inuyo muli nawo.

Pa mtunda womwewu m'pamene pamachokera dandaulo lakuti malenzi otenga malo aakulu amaipitsa nkhope. Kunena zoona, lenzi imangonamiziridwa. Mphuno ya munthu ili patsogolo pa makutu ake ndi masentimita pafupifupi 12. Mukamujambula muli pa masentimita 40 kuchokera pamphuno, makutu amakhala pa masentimita 52, kutanthauza kuti mphuno ioneka yokulirapo ndi 30 peresenti poyerekeza ndi makutu, ndipo nkhope yonse imakhala ngati ikuthamangira kutsogolo. Mukabwerera m'mbuyo n'kuima pa mamita 2, kusiyanako kumatsika kufika pa 6 peresenti, ndipo palibe amene angakuzindikire. Mutajambula muli pa mamita 2 ndi lenzi ya 24, kenako n'kudula chithunzicho kuti patsale nkhope yokha, nkhopeyo idzafanana maonekedwe ndi imene yajambulidwa pa malo omwewo ndi lenzi ya 85mm, kungoti tinthu ting'onoting'ono sitidzaoneka bwino. Cholakwa cha lenzi yotenga malo aakulu n'chakuti imakunyengererani kuti musendere, popeza munthu akuoneka wamng'ono, ndipo mukasendera mphuno imakula.

Palinso kutambasuka kwa m'mbali, kumene sikutha ngakhale lenzi ikhale yodula chotani, chifukwa kumachokera pa kaponyedwe ka chithunzi pa sensa yafulati. Lenzi imene imasunga mizere yowongoka kuti ikhalebe yowongoka imakakamizika kutambasula zinthu zobulungira zimene zili kutali ndi pakati pa chithunzi. Mutu wa munthu amene ali kumapeto kwenikweni kwa chithunzi chopingasa umatambasuka ndi pafupifupi 12 peresenti pa 35, 19 peresenti pa 28, ndi 25 peresenti pa 24. Mukajambula anzanu atazungulira tebulo ndi 24, amene ali pakati adzachikonda chithunzicho, koma awiri a m'mphepete adzakufunsani kuti ananenepa liti.

Makampani amene amapanga makamera a lenzi imodzi yosachotseka anakumanapo kale ndi funso lanuli, ndipo mayankho awo ambiri agwera pa manambala awiri. Fujifilm X100, imene inayamba kugulitsidwa mu 2011, ili ndi 23mm f/2 pa sensa ya APS-C, kutanthauza 35, ndipo Sony RX1 ya 2012 ili ndi 35mm f/2 pa full frame. Mbali inayi kuli Ricoh GR, ya 18.3mm f/2.8 imene imaona ngati 28, ndi Leica Q ya 2015, ya 28mm f/1.7. Pamene Ricoh inawonjezera mtundu wina mu 2021, GR IIIx, inapita ku 40, osati ku 24. Ngakhale ojambula otchuka ankasankha motsatira khalidwe lawo. Garry Winogrand, amene anajambula misewu ya New York kwa zaka zambiri, ankagwiritsa ntchito kwambiri 28mm pa Leica, ndipo mukayang'ana zithunzi zake mumaona kuti ankalowa m'kati mwenimweni mwa chipiringu cha anthu. Henri Cartier-Bresson ankakonda 50mm, ndipo ankaima chapatali pang'ono kudikira kuti zinthu zilongosoke zokha. Onse awiri sanalakwitse. Aliyense anatenga lenzi yogwirizana ndi pamene miyendo yake inkamuimitsa.

Ganiziraninso za foni imene ili m'thumba mwanu. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri a masiku ano imaona ngati 24 mpaka 26. Pa mbali ina zimenezi zikutanthauza kuti maso anu anazolowera kale kaonedwe kameneko, ndipo 28 sidzakhala yachilendo kwa inu. Pa mbali inanso, mukagula 24 mudzakhala mutanyamula zida ziwiri zoona mofanana, pamene 35 ingakupatseni chinthu chimene foni sikupatsani popanda kudula chithunzi.

Ineyo ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Chaka china ndinayenda ndi 24 yokha, nditakopeka ndi zithunzi za mapiri ndi za m'nyumba zikuluzikulu zimene ndinaona kwa ojambula ena. Nditakhala pansi kumapeto kwa chakacho kuti ndisankhe zoti ndisindikize, ndinapeza kuti zithunzi zambiri za anthu zinali ndi nthenda imodzi. Theka la m'munsi linali pansi popanda kanthu, m'mwamba munali denga ndi babu la magetsi, kumbali kunali mpando kapena mwendo wa munthu wina amene sindinamuone pojambula, ndipo amene ndinkamujambulayo anali kakang'ono pakati, ngati mwana wosochera. Zabwino zinalipo ndithu, mwina 10 kapena 12, ndipo zonsezo zinali zimene ndinajambula nditagwada pafupi kwambiri, chinthu china chili patsogolo penipeni, china pakati, china kumbuyo. Lenzi ya 24 imafuna kuti munthu adzaze magawo atatu onsewo pa chithunzi chilichonse, ndipo zochitika za tsiku ndi tsiku sizipereka mpata umenewo kawirikawiri. Ya 35 imakhululuka. Imatenga munthu pamodzi ndi malo amene ali, mokwanira kuti woona adziwe kuti kunali kukhitchini kapena pasiteshoni, koma osati mochuluka moti malowo n'kumumeza munthuyo.

Pa zifukwa zimenezi, kwa munthu amene amajambula kwambiri anthu ngati inu, ndingasankhe 35, kutanthauza lenzi ya 22mm, 23mm kapena 24mm pa kamera yanu. Ndingapite ku 28 ngati zipinda zimene mumajambuliramo ndi zothina, kapena ngati ndinu munthu amene sachita manyazi kufika pafupi. Ya 24 ndi yabwino kukhala lenzi yachiwiri, ya malo, nyumba ndi thambo.

Koma musadalire mawu anga okha, chifukwa mbali ina ya yankho muli nayo kale m'kompyuta mwanu. Chithunzi chilichonse chimasunga nambala ya mamilimita imene lenzi inali pamene munkajambula, m'zolemba zobisika zimene amati EXIF. Sankhani zithunzi 50 zimene mumazikonda kwambiri pa zaka ziwirizi, osati zonse zimene munajambula, muone manambala ake. Muchenjere ndi chinthu chimodzi: anthu ambiri amapotokola lenzi yozuma mpaka pamene yathera, choncho 18 ndi 55 zidzachuluka mwachibadwa, ndipo kuchuluka kwa 18 kungatanthauze kuti mumaikonda, kapena kuti munkafuna kupitirira koma lenzi inakana. N'chifukwa chake ndi bwino kuyesanso njira yachiwiri, imene siifuna ndalama. Ikani lenzi yanu pa 24mm, muimate ndi tepi kuti isazungulire, muyende nayo milungu iwiri, kenako muchite chimodzimodzi pa 18mm. Pa nthawi imeneyi muzimvetsera miyendo yanu. Ngati nthawi zonse mukubwerera m'mbuyo mpaka kusowa kolowera, mukufunika yotakasukirapo. Ngati mukafika pakompyuta mukudula m'mbali mwa chithunzi chilichonse, ndiye kuti lenzi ikutenga zambiri kuposa zimene maso anu ankafuna.

Tibwere kwa mnzanu wa f/1.4 uja. Nambala ya f imasonyeza kukula kwa chibowo cholowetsa kuwala poyerekeza ndi mamilimita a lenzi, ndipo nambalayo ikachepa kuwala kumachuluka. Kuchoka pa f/2.8 kufika pa f/2 kuwala kumawirikiza kawiri, ndipo kuchoka pa f/2 kufika pa f/1.4 kumawirikizanso kawiri. Lenzi yanu yozuma imayambira pa f/3.5 pa 18mm, ndipo ikafika cha pa 24mm imakhala ili pafupi ndi f/4. Lenzi ya f/2 ikupatsani kuwala kowirikiza kanayi kuposa pamenepo. Madzulo, m'chipinda chimene munkakakamizika kukweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi pamene kuwala kwachepa, kufika pa 6400, mudzajambula pa 1600 ndi liwiro lomwelo la shutter, kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka pojambula, ndipo timadontho tokhala ngati mchenga tija tidzachepa moonekeratu. Phindu lalikulu lili pamenepo. Kuchoka pa f/2 kufika pa f/1.4 mumangotsika kamodzinso, kufika pa ISO 800, ndipo katsikidwe kameneko mumakalipira ndi thumba komanso ndi phewa.

Za phewazi tione ndi sikelo. Sigma 35mm f/1.4 Art ya 2012, imene inatchuka kwambiri pa makamera a full frame, imalemera magalamu 665, pamene Sony 35mm f/2.8 imalemera magalamu 120 okha. Ku APS-C, Canon EF-M 22mm f/2 imalemera magalamu 105, Nikon Z DX 24mm f/1.7 magalamu 135, Fujifilm 23mm f/2 magalamu 180, koma Sigma 16mm f/1.4 imafika magalamu 405. Mukamawerenga manambalawa muli pampando, kusiyana kwa magalamu 300 kumaoneka ngati nkhani yaing'ono. Kumamveka pa tsiku lachitatu la ulendo, kapena m'mawa umene mukutuluka mofulumira, mwana ali kudzanja, n'kuyang'ana kamera patebulo n'kunena kuti lero ikhale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo lenzi imene yatsala kunyumba, ngakhale ikhale ya f/1.4, siilowetsa kuwala kulikonse. Ndaonanso kuti lenzi yaikulu imasintha nkhope za anthu. Akaona chigalasi chachikulu chikuwayang'ana amaumitsa khosi n'kusiya zimene ankachita, pamene kalenzi kakang'ono amakaiwala pakangopita mphindi zochepa.

Pali chifukwa chinanso chimene f/1.4 siigwira ntchito kawirikawiri monga mmene ogula amayembekezera. Chibowo chikatseguka kwambiri, gawo limene limaoneka bwinobwino kutsogolo ndi kumbuyo kwa pamene mwaika fokasi limachepa. Ndi lenzi ya 23mm pa APS-C, munthu ali pa mita imodzi, f/1.4 imakupatsani masentimita pafupifupi 10, f/2.8 pafupifupi 20, ndipo f/4 pafupifupi 30. Ana awiri amene akusewera pansi sakhala pa mzere umodzi, choncho pa f/1.4 mmodzi adzaoneka bwino ndipo mnzake adzachita chimbuuzi. Mudzapezeka kuti mwatsekanso chibowo kufika pa f/2.8, pamene lenzi yotsika mtengo ikanafika bwinobwino. Ngati chimene chikukukopani ndi zithunzi zija zimene kumbuyo kwa munthu kumasungunuka, lenzi yotenga malo aakulu si chida chake. Ya 50mm f/1.8 pa kamera yanu idzachita zimenezo mosavuta. Komanso munthu amasankha lenzi yotakasuka kuti malo aoneke, ndiye kuwononga ndalama kuti malowo asaoneke n'kudzitsutsa. Amene f/1.4 imawapindulira ndi amene amajambula kwambiri usiku, m'maholo a mdima momwe flash siloledwa, kapena nyenyezi. Ngati simuli m'gulu limenelo, chilichonse cha pakati pa f/1.7 ndi f/2 n'chokwanira, ndipo f/2.8 si yonyozeka ngati mumajambula kwambiri masana.

Kuya kwa gawo looneka bwinoku ndi mphatso yaikulu ya malenzi amenewa mukakhala panja. Ndi 18mm pa f/8, mukaika fokasi pa mamita 2, chilichonse kuyambira pa mita imodzi mpaka kumapiri chimaoneka bwino. Ndi 23mm pa f/8, ikani pa mamita 3.3, ndipo mudzatenga kuyambira pa mamita 1.7 kupita m'tsogolo monsemo. Ojambula a mumsewu akhala akudalira njira imeneyi kuyambira kalekale: amaikiratu fokasi ndi dzanja, n'kumangodina nthawi ikakwana, osadikira kuti kamera ifunefune. Za chipangizo choletsa kugwedezeka kwa manja musade nazo nkhawa kwambiri. Lenzi yotakasuka imapirira kale kugwedezeka, moti ambiri amatha kujambula pa 1/30 ya sekondi popanda vuto, ndipo chipangizocho chimathandiza manja anu okha, osati mwana amene akuthamanga. Iyeyo amafuna 1/250, kaya lenzi ndi yotani.

Mwina mudzadabwa m'sitolo kuti malenzi ena a mamilimita ochepa ndi aakulu kuposa a 50mm. Chifukwa chake chili m'thupi la kamera. M'makamera a DSLR muli kagalasi kamene kamatembenuka pojambula, ndipo kamafuna malo pakati pa lenzi ndi sensa: pa Canon EF mtunda wochokera pomangira lenzi kufika pa sensa ndi mamilimita 44, ndipo pa Nikon F ndi 46.5. Lenzi ya 24mm yopangidwa mwa njira yapafupi ikanayenera kukhala pafupi kwambiri ndi sensa, pamene kagalasiko kakanaimenya. Mu 1950 Pierre Angénieux wa ku France anatulutsa lenzi ya 35mm f/2.5 imene anaitcha Retrofocus, yokhala ndi galasi lalikulu lomwaza kuwala kutsogolo ndi magalasi ena okusonkhanitsa kumbuyo, kuti lenzi yonse italikirane ndi filimu koma izionabe motakasuka. Njira imeneyi inathetsa vutolo, koma imafuna magalasi ambiri ndi aakulu, ndipo imakonda kupinda mizere ya m'mbali ngati mimba ya mgolo. Makamera opanda kagalasi, amene amati mirrorless, ali ndi mtunda waufupi, mamilimita 16 pa Nikon Z, 17.7 pa Fujifilm X, 18 pa Sony E ndi 20 pa Canon RF, choncho opanga malenzi amakhala omasuka kupanga timalenzi ting'onoting'ono totakasuka.

Simunanene kuti kamera yanu ndi ya mtundu uti mwa iwiriyi, ndipo pa kugula pali kusiyana. Ngati ndi mirrorless, muli ndi zosankha zambiri, monga zimene ndatchula kale zija. Ngati ndi DSLR ya APS-C, zosankha ndi zochepa. Pa Canon pali EF-S 24mm f/2.8 STM, yopyapyala, ya magalamu 125, imene imaona ngati 38. Pa Pentax pali 21mm f/3.2 Limited. Pa Nikon muyenera kutenga lenzi ya full frame, monga 24mm f/1.8G imene idzaona ngati 36, kapena 20mm f/1.8G imene idzaona ngati 30. Muchenjere ndi malenzi akale a Nikon olembedwa AF-D, chifukwa alibe mota yawoyawo, ndipo pa makamera a m'gulu la D3000 ndi D5000 saika fokasi okha.

Mukamawerenga ndemanga za malenzi pa intaneti mudzapeza masamba ambiri onena za mmene ngodya za chithunzi zimaonekera chibowo chitatseguka mpaka kumapeto. Kwa wojambula nyenyezi zimenezo n'zofunika. Kwa inu, m'ngodyamo mudzakhala katani kapena mwendo wa tebulo. Kudetsedwa kwa m'ngodya ndi kupindika kwa mizere nakonso makamera ambiri a masiku ano amakukonza okha, ndipo malenzi ena amapangidwa modalira kukonzako. Ngati mumajambula RAW, kutanthauza zithunzi zimene kamera imasunga isanazikonze, mungotsimikiza kuti pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito ikuidziwa lenziyo. Zimene ndimayang'ana ine ndi zina. Choyamba ndi mtunda waufupi kwambiri umene lenzi imatha kuikapo fokasi, chifukwa lenzi yotakasuka imakoma mukafika nayo pafupi ndi dzanja la mwana, duwa kapena buku lotsegula, kumbuyo kukuonekabe. Imene imafika pa masentimita 20 mpaka 25 ndi yabwino, ndipo Canon RF 35mm f/1.8 ya 2018 imafika mpaka pa 17. Chachiwiri ndi mota ya fokasi, kuti ikhale yachangu ndi yosasokosera, makamaka ngati mudzajambulenso vidiyo. Chachitatu ndi mmene imachitira ndi dzuwa kapena babu, popeza lenzi yotenga malo aakulu imalowetsa zowala m'chithunzi kawirikawiri kuposa inzake. Yesani kujambula moyang'anizana ndi windo lowala, muone ngati chithunzi chonse chikuyera ngati mwadutsa utsi, ndipo kachipewa kotchinga kuwala kamene kamabwera ndi lenzi musakasiye m'bokosi.

Malenzi osazuma alibe zambiri zoyenda m'kati, choncho amakhalitsa, ndipo kugula yogwiritsidwapo kale ntchito si kulakwa. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ichotseni pakamera, mutsegule chibowo, muunike ndi tochi kuchokera kumbuyo. Fumbi lochepa lilibe vuto, koma timizere tokhala ngati ulusi wa kangaude ndi chuku, ndipo chifunga choyererako pa galasi la m'kati chimachotsa mphamvu ya mitundu. Zonse ziwirizi ndi zifukwa zoibwezera kwa mwini wake. Yang'ananinso timasamba ta chibowo kuti tisakhale ndi mafuta. Kenako yesani ngati magalasi ake anasuntha chifukwa chogwa, vuto limene limaonekera msanga pa malenzi otakasuka: sankhani chinthu chakutali, monga nsonga ya nyumba, muikepo fokasi kamodzi n'kuitseka, ndipo mujambule kanayi, chinthucho mukuchiika m'ngodya iliyonse ya chithunzi. Ngodya zinayizo zikhoza kuchita chimbuuzi pang'ono, koma ziyenera kufanana. Ngati imodzi yaipa kwambiri kuposa zinzake, lenziyo inapendekeka m'kati.

Ikadzafika m'manja mwanu, chinthu choyamba kuphunzira ndi kagwiridwe ka kamera, chifukwa lenzi yotakasuka imaulula kupendekeka kulikonse. Mukailozetsa m'mwamba, makoma a nyumba amakumana kumtunda ngati ikugwera chagada. Mukailozetsa pansi muli chiimire kuti mujambule mwana, mutu wake umakula, miyendo imafupika, ndipo mapazi anu amalowa m'munsi mwa chithunzi. Gwadani kuti lenzi ikhale pa msinkhu wa chifuwa chake, kamera ili yowongoka, nkhope yake isakhale m'mphepete, ndipo musanadine yendetsani diso m'mbali zonse zinayi kuti muone chimene chalowa osaitanidwa. Nthawi zambiri mudzapeza kuti kusendera kumanzere kapena kumanja ndi phazi limodzi n'kokwanira kuchotsa babu kapena mpando umene unali kumbuyo kwa mutu wake.